Anagulitsa famase kuti aziwerenga mawanga a dzuwa

Tiyerekeze kuti m'bale wanu ali ndi sitolo ya mankhwala pakati pa tauni, yochita kusiyiridwa ndi agogo ake, makasitomala osasowa, banja lonse likudyera pomwepo. Tsiku lina mungomva kuti waigulitsa. Mukamufunsa bizinesi yatsopano imene akufuna kuyamba, iye akuti palibe, akungofuna mpata wokwanira woti aziyang'ana dzuwa tsiku ndi tsiku n'kumajambula zimene akuona. Tonse tikudziwa chimene chingatsatire: msonkhano wa banja, amalume kuitanidwa kuchoka kumudzi, ena n'kumanong'onezana kuti mwana uja amulodza.

Izi n'zimene anachita Samuel Heinrich Schwabe wa mumzinda wa Dessau ku Germany m'chaka cha 1829, ali ndi zaka pafupifupi 40. Ndinene poyambirira pomwe kuti chinthu chimene mkuluyu ankachifuna padzuwapo sanachipeze mpaka kufa kwake, chifukwa kunalibe. Komabe lero oyendetsa masetilaiti, oyang'anira mawaya akuluakulu a magetsi, ngakhalenso oulutsa mawu pa short wave, onse amagwira ntchito ndi chinthu china chimene bamboyu anachitola m'njira akusaka chosapezekacho.

Schwabe anabadwa pa 25 October 1789. Masiku amenewo Germany sinali dziko limodzi monga tikulidziwira lero, koma timaiko tambirimbiri, kalikonse ndi wolamulira wake, ndipo Dessau linali likulu la kadziko kotchedwa Anhalt-Dessau, m'mphepete mwa mtsinje wa Mulde. Bambo ake anali dokotala, pamene agogo ake a kuchikazi ndiwo anali ndi famase. Mnyamatayu anayamba msanga kuphunzira ntchito ya mankhwala, kenaka anapita ku Berlin kukaonjezera maphunziro a zamankhwala ndi a zomera. Sanakhaliko nthawi yaitali. Cha m'ma 1812, agogo aja atatisiya, anabwerera kwawo kukagwira sitolo kuti banja lisagone ndi njala. Amene anasiyirapo sukulu panjira kaamba ka maliro a munthu amene ankasunga banja, nkhani yotere akuidziwa bwino. Digiri ya za nyenyezi sanakhalepo nayo, ndipo sanalembedwepo ntchito pamalo alionse a boma oonera zakumwamba.

Famase ya masiku amenewo musaiyerekeze ndi za lero zongotsitsa mabokosi a mapiritsi pashelefu. Wa famase ankasinja yekha mizu ndi makungwa, kuyeza pa sikelo yaing'ono, kusakaniza, n'kulemba zonse m'buku. Kuphonya muyeso pang'ono kunali kupha munthu. Schwabe anagwira ntchito imeneyi zaka 17, ndipo ine ndimaona kuti Schwabe wa dzuwa uja anabadwira kuseri kwa kauntala imeneyi. Munthu wozolowera kulemba chilichonse cholowa ndi chotuluka, ngakhale tsiku limene sanagulitse kanthu, amatenga khalidwelo kulikonse kumene angapite. Analinso wokonda zomera zedi, mwakuti m'zaka za 1838 ndi 1839 anatulutsa buku la magawo awiri lotchedwa Flora Anhaltina, kaundula wa zomera za m'dera la kwawo.

Olemba mbiri yake amati telesikopu yoyamba, galasi lija loonera zinthu zakutali kumwamba, anaipata pa mpikisano wa lotale mu 1825. Inali yaing'ono. Chaka chotsatira anaitanitsa ina yabwinopo kwa Fraunhofer wa ku Munich, amene panthawiyo ankapanga magalasi osaposeka m'Ulaya monse. Apa n'kuti matenda atamulowa. Pofika 1829 anagulitsa famase ija, n'kugula nyumba mumsewu wa Johannisstrasse, ndipo pamwamba pa nyumbayo, kudenga, anakonzapo kachipinda koonerako zakumwamba. Tisanamizane, abale: anatha kuchita zimenezi chifukwa anali ndi chogulitsa. Mnyamata wosauka wa mu Dessau momwemo, ngakhale akanakhala ndi maso akuthwa chotani, sakanakwanitsa. Choncho asapezeke wina akugulitsa okala yake mawa n'kumati wawerenga m'nyuzipepala muno.

Nanga ankafuna chiyani padzuwa? Tiyenera kukumbukira kuti m'zaka zimenezo njira yachidule yotchukira inali kutulukira pulaneti yatsopano. William Herschel, woimba nyimbo wa ku Bath ku England, anatulukira Uranus mu 1781 ndi telesikopu yopanga yekha, ndipo mfumu inayamba kumulipira. Pakati pa 1801 ndi 1807 anthu anatulukira timapulaneti tinayi pakati pa Mars ndi Jupiter. Tsono panali maganizo akuti mwina pali pulaneti inanso pafupi kwambiri ndi dzuwa, mkati mwa njira ya Mercury. Pulaneti yotere simungaione usiku, chifukwa imalowa limodzi ndi dzuwa. Njira yoigwirira ndi kudikira tsiku limene idzadutse pakati pa ife ndi dzuwa, pamene idzaoneke ngati kadontho kakuda bii, kozungulira bwino, kakuyenda pankhope ya dzuwa kwa maola ochepa. Schwabe anaganiza zokhala mlonda wa pachipata chimenechi.

Vuto linali lakuti nkhope ya dzuwa ili kale ndi mawanga akeake. Akatswiri a ku China anawaona ndi maso okha zaka zambirimbiri zapitazo, dzuwa likamalowa m'fumbi kapena m'nkhungu. Matelesikopu atabwera, Thomas Harriot, Johannes Fabricius, Christoph Scheiner ndi Galileo anawaona ndi kuwajambula m'zaka za 1610 mpaka 1613. Lero tikudziwa chimene ali. Pankhope ya dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, koma pali malo ena pamene mphamvu ya maginito imakhala yochuluka kwambiri mwakuti imatsekereza kutentha kochokera mkati. Malo amenewo amatsika kufika madigiri 3,500 kapena 4,000, ndipo poyerekeza ndi pozungulira pake amaoneka akuda. Kunena kuti ndi ozizira n'kungocheza, chitsulo chingasanduke nthunzi pamenepo. Ambiri mwa mawangawa ndi aakulu ngati dziko lathu lonseli, ena kuposa. Amabadwa, amakula, amagawikana, amafa, ena m'masiku awiri, ena pakatha miyezi. Ndipo popeza dzuwa nalo limazungulira, banga limatenga pafupifupi milungu iwiri kuchoka m'mphepete muno kukafika m'mphepete muja.

Kuti asasokoneze pulaneti ndi banga, Schwabe anaona kuti ayenera kudziwa banga lililonse, monga m'busa adziwira ng'ombe zake kuti yachilendo ikalowa m'khola aizindikire. Ndiye anayamba. Tsiku lililonse kukacha bwino ankakwera kudenga kuja, kuloza telesikopu padzuwa, n'kujambula m'kope. Ankalemba mzere wozungulira, waung'ono ndithu, wa masentimita asanu okha m'mimba mwake, ngati kukamwa kwa kapu ya tiyi, ndipo mkati mwakemo ankaika ndi pensulo banga lililonse pamalo pake. Mawanga amakonda kubwera m'magulu, choncho gulu lililonse latsopano ankalipatsa nambala, kuyambira 1 mwezi wa January mpaka chaka kutha, ngati malisiti. Gulu likakhala lochititsa chidwi ankalijambulanso pambali molikulitsa. Ndipo tsiku limene dzuwa linali loyera, lopanda kanthu, ankalemba kuti lero palibe. Chimenechi musachiiwale, tibwereranso.

Apa ndiime kaye ndichenjeze ana asukulu. Musayerekeze, ngakhale kamphindi, kuyang'ana dzuwa ndi telesikopu kapena magalasi aja a maso awiri oonera patali. Galasi limasonkhanitsa kuwala monga lichitira mukamayatsa pepala ndi galasi lokulitsira zilembo, ndipo chimene chimapsa ndi mkati mwa diso, popanda ululu wokuchenjezani, popandanso mankhwala pambuyo pake. Magalasi adzuwa a pamsika, galasi lofukiza utsi, filimu yakale, zonsezi siziteteza. Anthu a nthawi ya Schwabe ankadalira magalasi akuda amene ankatha kusweka ndi kutentha munthu ali chiyang'anire. Njira yabwino ndi kuimika choonera chija, osasuzumiramo, n'kulola kuwala kudutse kukagwera papepala loyera kumbuyo kwake. Dzuwa limaoneka papepalapo ndi mawanga ake, ndipo mukhoza kuwalemba ndi pensulo.

Tibwerere ku Dessau. Germany ndi dziko la mitambo, chisanu ndi mvula yosatha, koma zaka zambiri Schwabe ankakwanitsa kuona dzuwa masiku oposa 200, zaka zina kupitirira 300. Izi zikutanthauza munthu wosapita kutali, wodikira kuti mtambo ung'ambike pang'ono athamangire kudenga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa zaka khumi, khumi ndi zisanu, pulaneti osaoneka, enafe tikanapachika telesikopuyo n'kuyamba kuweta nkhuku. Usiku nawo sankaugona wonse. Anajambula Saturn ndi mphete zake, anajambula nyenyezi ya mchira ya Halley itabwera mu 1835, ndipo chithunzi chake cha Jupiter cha mu September 1831 chimatengedwa ngati umboni woyambirira wa banga lalikulu lofiira limene tikuliona pa pulaneti imeneyo mpaka lero.

Akatswiri a m'mayunivesite nthawi imeneyo nkhani ya mawanga anali ataitaya. Zaka zoposa 200 chiyambire kuwaona, ambiri anali atagwirizana kuti amabwera mwachisawawa, alibe dongosolo, ndipo munthu wozindikira sangatayirepo nthawi. Christian Horrebow wa ku Copenhagen anakayikirapo m'zaka za m'ma 1770 kuti mwina amabwera ndi nyengo, koma maganizowo anatsalira m'makope ake. Chifukwa chimene enawo sanaonere kanthu n'chosavuta: ankayang'ana mawanga akachuluka, n'kusiya akachepa. Ndani angalembe lipoti lakuti sindinaone kanthu? Zili ngati wamalonda amene amalemba m'buku masiku a phindu okhaokha, a kumapeto kwa mwezi ndi a Khirisimasi. Buku lake lidzakoma poliwerenga, koma silidzamuuza mwezi umene malonda amagwa, ndipo chaka chilichonse January adzamudzidzimutsa ngati mlendo.

Schwabe atawonkhetsa makope ake, manambala anayankhula okha. Mu 1826 anawerenga magulu 118. Mu 1828 anakwera kufika 225. Kenaka anayamba kutsika mpaka mu 1833 anangopezeka 33 basi, ndipo chaka chimenecho panali masiku 139 amene dzuwa linalibe banga ndi limodzi lomwe. Anakweranso: mu 1837 magulu 333, ndipo kuyambira 1836 mpaka 1839 sanapeze tsiku ndi limodzi lomwe la dzuwa loyera. Pofika 1843 anatsikanso kufika 34, masiku opanda banga 149. Taonani bwino: 1833 ndi 1843, pansi ndi pansi, zaka khumi pakati. 1828 ndi 1837, pamwamba ndi pamwamba, pafupifupi chimodzimodzi. Mzere wa masiku opanda kanthu uja, umene wina aliyense akanauona ngati kutaya inki, ndi umene unaonetsa poyera pamene pali pansi.

Anatumiza kalata yaifupi ku magazini ya akatswiri a zakumwamba yotchedwa Astronomische Nachrichten, ndipo inatuluka kumayambiriro kwa 1844. Munali tebulo la zaka 18 ndi mawu ochepa onena kuti zikuoneka ngati mawanga amakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi khumi, ndi kuti zaka zikubwerazo ndizo zidzatsimikize. Sanadziombere ng'oma. Ndipo dziko la akatswiri linangoti zii. Wa famase wa m'kamzinda kopanda yunivesite akuti waona chimene Galileo sanaone? Kupatula anthu owerengeka, mmodzi mwa iwo Rudolf Wolf wa ku Bern ku Switzerland, palibe amene anatekeseka. Mkulu uja anangokwera kudenga kwake m'mawa mwake n'kupitiriza. Mu 1848 magulu anafika 330, monga tebulo lija linalozera.

Chimene chinasintha zinthu si umboni watsopano wokha, koma dzina la munthu. Alexander von Humboldt, nkhalamba ya zaka zoposa 80 imene Ulaya yense ankaigwadira pa nkhani za sayansi, anaika tebulo la Schwabe, litaonjezeredwa mpaka 1850, m'gawo lachitatu la buku lake lotchuka la Kosmos. Manambala omwe aja, munthu yemwe uja, koma tsopano onse anadzidzimuka ngati akuwaona koyamba. Izi zimandinyansa pang'ono, koma ndi mmene dziko limayendera: mawu a wamng'ono amamveka wamkulu akawabwereza. Chabwino n'chakuti Humboldt sanabe, anatchula mwini wake.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Boma la Britain linali ndi malo oyezera mphamvu ya maginito ya dziko lapansi ku Toronto, ku Hobart, pachilumba cha St Helena ndi ku Cape, kumene anthu ankalemba kugwedezeka kwa muvi wa kampasi usana ndi usiku. Woyang'anira ntchitoyo, msilikali Edward Sabine, anali ataona kuti kugwedezekako kunachepa mu 1843 n'kuchuluka mu 1848, osadziwa chifukwa chake. Mkazi wake Elizabeth ndiye ankamasulira Kosmos m'Chingerezi, ndipo tebulo la wa famase uja linafika m'nyumba mwawo momwemo. Zaka zinagwirizana ndendende. Mu 1852 Sabine analengeza, ndipo chaka chomwecho Wolf ndi Alfred Gautier wa ku Geneva anapeza zomwezo payekhapayekha. Aka kanali koyamba kuti anthu aone kuti dzuwa, lili pamtunda wa makilomita 150 miliyoni, limagwira dziko lathu ndi dzanja lina kupatula kuwala, kutentha ndi mphamvu yokoka.

Wolf anapita patsogolo. Anafukula makope akale m'malaibulale, kubwerera m'mbuyo mpaka nthawi ya Galileo, n'kupeza kuti kukwera ndi kutsika kuja kumatenga zaka 11 ndi pang'ono, osati khumi. Choncho Schwabe anaphonya ndi chaka chimodzi, ndipo sizodabwitsa, pakuti anali ataona nyengo ziwiri zokha, komanso nyengozi sizifanana: ina imatha zaka 9, ina imakoka mpaka 13. Mu 1857 bungwe la Royal Astronomical Society la ku London linamupatsa mendulo yake ya golide, ali ndi zaka 67, patatha zaka 13 chitulukire kalata ija. Mu 1868 bungwe la Royal Society linamulandira ngati membala wakunja. Fanizo limene lakhala likuyenda ndi dzina lake kuyambira nthawi imeneyo ndi la Sauli wa m'Baibulo, amene anapita kukasaka abulu a bambo ake n'kubwerako ndi ufumu.

Nanga abulu aja, pulaneti ija? Apa pali nkhani imene ndikufuna muiike pambali pa ya Schwabe. Mu 1859 dokotala wina wa kumudzi ku France, Edmond Lescarbault, nayenso wokonda zakumwamba pa nthawi yake yopuma, ananena kuti pa 26 March anaona kadontho kozungulira kakudutsa padzuwa. Anaona kamodzi kokha. Nkhaniyo inafika kwa Urbain Le Verrier, katswiri wa masamu amene anawerengetsa pamene pali Neptune isanaonedwe mu 1846, ndipo panthawiyo n'kuti akufunafuna pulaneti yoti ifotokoze chifukwa chimene Mercury imaphonyera pang'ono njira imene masamu amailozera. Le Verrier analandira nkhaniyo ndi manja awiri, anaitcha pulanetiyo Vulcan, ndipo mu 1860 dokotala uja anavekedwa mendulo ya Légion d'honneur. Katswiri wina, Emmanuel Liais, amene anali ku Brazil akuyang'ana dzuwa nthawi yomweyo ndi telesikopu yamphamvupo, anati sanaone kalikonse, koma ndani akanamumvera? Anthu anaisaka Vulcan zaka makumi asanu, pa kadamsana aliyense, mpaka Albert Einstein mu 1915 anaonetsa kuti kuphonya kwa Mercury sikufuna pulaneti ina iliyonse. Woona kamodzi chinthu chimene kulibe analandira ulemu chaka chisanathe. Woona zenizeni masiku zikwizikwi anadikira zaka 13. Sindikunena kuti dokotalayo ananama, ayi, mwina anaonadi kena kake. Koma Schwabe, amene anali ndi chifukwa chachikulu kuposa wina aliyense chofunira kuti pulanetiyo ipezeke, popeza anagulitsira sitolo, sanalengezepo kuti waipeza.

Ena mufunsa kuti mawanga a dzuwa akutikhudza bwanji ife ogulitsa kaunjika ndi olemba mayeso. Mawanga akachuluka, dzuwa limakonda kuphulika n'kulavula mitambo ya tinthu tamagetsi, ndipo mtambo wotere ukalunjika kuno umagwedeza maginito a dziko. Pa 1 September 1859 Richard Carrington, mwana wa mwini fakitale yofulula mowa, anali kujambula mawanga kunyumba kwake ku Redhill ku England pamene anaona kuwala koyera kukuthwanima pakati pa gulu lina kwa mphindi zisanu. Pasanathe tsiku, mawaya a telegalafu ku Ulaya ndi ku America anayamba kuthetheka moto, ndipo kumwamba kunafiira usiku mpaka ku Cuba. Mu March 1989 namondwe wa mtundu womwewo anazimitsa magetsi m'chigawo chonse cha Quebec ku Canada, anthu 6 miliyoni, kwa maola 9. Mu February 2022 kampani ya SpaceX inataya masetilaiti a Starlink pafupifupi 40 mwa 49 amene inali itangoponya kumwamba, chifukwa mpweya wa m'mwamba unafufuma n'kuwakokera pansi. Mu May 2024 kuwala kofiira kuja, kumene kawirikawiri kumaoneka kumapeto a dziko kozizira, kunaonedwa ku South Africa. Ndipo amene anakulira pa wailesi ya short wave, kusaka BBC kapena Channel Africa usiku, akudziwa kuti zaka zina mawu ankamveka bwino pa mita ina, zaka zina pa inzake. Mafunde a wailesi yotere amagunda m'mwamba n'kubwerera pansi, ndipo denga limene amagundalo limalimba kapena kufooka malingana ndi nyengo ya mawanga.

Koma tisapitirire muyeso. Anthu atamva kuti dzuwa lili ndi nyengo zake, anayamba kulinamizira chilichonse. Herschel yemwe uja, kale mu 1801, anayesa kulumikiza mawanga ndi mtengo wa tirigu pamsika. M'zaka za m'ma 1870 katswiri wa zachuma William Stanley Jevons analimbikira kuti kugwa kwa malonda ku Britain kumatsata mawanga a dzuwa. Zaka zitapita manambala anakana. Choncho mtengo wa chimanga ukakwera kapena ndalama ikagwa mphamvu, musayang'ane kumwamba, oyenera kufunsidwa ali pansi pompano ndipo ali ndi maofesi.

Schwabe anapitiriza kujambula mpaka December 1867, ali ndi zaka 78, zaka 42 chiyambire. Anamwalira ku Dessau komweko pa 11 April 1875. Makope ake, oposa 30, anapita ku Royal Astronomical Society ku London, ndipo mwina ndi mwayi kuti anapita, chifukwa mu March 1945 ndege zankhondo zinagumula mbali yaikulu ya mzinda wa Dessau. Nyumba yake ya mu Johannisstrasse inapulumuka, ilipo mpaka lero ndipo imatchedwa ndi dzina lake. Pamwezi palinso chigwa chotchedwa Schwabe.

Zithunzi zakezo, kunena zoona, sizokongola. Wina akaziika pambali pa zojambula za akatswiri a luso amene ankajambula zakumwamba ndi mitundu, za Schwabe zingaoneke ngati homuweki ya mwana wa sitandade 5: kamzere kozungulira, timadontho, timanambala. Mtengo wake uli poti n'zambiri, n'za tsiku ndi tsiku, ndipo n'za diso limodzi ndi dzanja limodzi. Kujambula dzuwa ndi kamera mwadongosolo kunayamba ku Kew cha m'ma 1858, ndipo ku Greenwich mu 1874. Zaka za m'mbuyo mwake, amene akufuna kudziwa pamene mawanga anali tsiku lakutilakuti amadalira kwambiri makope a wa famase. N'chifukwa chake Rainer Arlt wa ku Potsdam ndi anzake anapita ku London kukajambula tsamba lililonse. Mu 2011 analengeza kuti apeza zithunzi 8,486 za dzuwa lathunthu, ndipo pofika 2013 anali atayeza pa kompyuta malo a mawanga pafupifupi 135,000. Timizere ta masentimita asanu tija tinapezeka kuti n'tolondola mokwanira kuonetsa mmene mawanga amayambira kutali ndi pakati pa dzuwa nyengo ikamayamba, n'kumasendera pakati ikamatha, chinthu chimene mwiniwakeyo sankachifufuza n'komwe.

Ntchitoyi sinafe naye. Mayi Hisako Koyama a ku Tokyo anajambula dzuwa kwa zaka zoposa 40 kuyambira m'ma 1940, zithunzi zoposa 10,000, ndipo akatswiri atafuna kukonzanso kaundula wa mawanga wa zaka 400, makope a mayiwa ndi a Schwabe anali m'gulu la mizati imene anamangirapo. Nambala ya mawanga ya dziko lonse, imene Wolf anaiyambitsa, imawonkhetsedwa ku Royal Observatory ya ku Brussels kuyambira 1981, ndipo ambiri mwa otumiza mawerengedwe awo kumeneko ndi anthu wamba okhala ndi telesikopu kuseri kwa nyumba. Nyengo za mawanga zimawerengedwa kuyambira ya mu 1755. Zimene zinafika pamwamba Schwabe ali kudenga kwake ndi za nambala 7, 8, 9 ndi 10. Imene inayamba mu December 2019 ndi ya nambala 25, ndipo inafika pachimake m'chaka cha 2024.